Makompyuta a Kutsidya kwa Msewu

4 Meyi

Okondedwa achimwene,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalatayi. Ndikudziwa kuti kumeneko ntchito yakuchulukirani, komanso pochoka munanena kuti za pa kampani ya amalume musadzazimvenso. Ndakhala ndikulemba n'kung'amba, kulemba n'kung'amba, mpaka amayi andifunsa ngati mapepala ndayamba kudya. Iyi yokha sinding'amba.

Muli bwanji kumeneko? Kuno tili bwino. Amayi chifuwa chija chinawasiya. Amalume mwendo ndi womwe uja, ndipo masiku ano akuchita kuukoka.

Nkhani ndi iyi. Makompyuta a kutsidya kwa msewu, kumene kuli makina osindikizira, asowa. Musadzidzimuke, sanabedwe. Alipo ndithu, ndawaona ndi maso anga. Koma ukakhala mu ofesi muno n'kutsegula mndandanda uja munandiphunzitsa, umene umaonetsa maina a makompyuta onse, akuoneka a mbali ino okha. INKI, MPENI ndi ZITHUNZI, maina munawapatsa aja, palibepo. Kutsidyako nakonso akuona awo okha. Lachisanu tinaweruka zili bwinobwino, Lolemba tinangopeza zili chonchi. Papita masabata tsopano.

Inu mukudziwa mmene amalume amachitira. Chifukwa cha mwendo sawoloka msewu, ndiye m'mawa uliwonse asanamwe tiyi amatsegula mndandandawo n'kumawerenga maina ndi chala pa sikirini, ngati munthu wowerenga mbuzi pakhomo la khola. Akaona onse ayaka amati antchito afika, tiyi n'kulowa. Masiku ano tiyi akungozizira pa desiki.

Ntchito ndikatayipa sindingathenso kuitumiza kutsidya. Ndikumaiika pa disiki n'kuthamanga nayo ndekha pakati pa malole. Kupita, kubwera, kupita, kubwera. Wosoka nsapato wa pakona uja akumandikuwa kuti, "Ponda kwambiri mwanawe, ana anga adye!"

Koma chondiwawa si chimenecho. Loweruka lija a Magalasi anasuntha matebulo kutsidyako kuti akonze denga limene limadontha. A Magalasi simukuwadziwa, anabwera inu mutachoka kale. Ndi amene akuyendetsa makina aakulu. Timawatchula choncho chifukwa magalasi awo ndi okhuthala ngati pansi pa botolo, ndipo mbali imodzi anaimanga ndi ulusi wakuda. Amalume akuti iwowo ndi amene abisa makompyuta dala kuti azisindikiza ntchito zawozawo mwamseri. Anena pamaso pa tonse kuti maina aja akapanda kuoneka pofika kumapeto kwa Juni, a Magalasi anyamule zawo azipita.

Achimwene, sindikuikira munthu kumbuyo, ndikungonena zimene ndaona. Munthu ameneyu pepala likaonongeka pa makina amalisunga kuti adzawaonetse amalume. Kapu akamwera amatsuka yekha. Munthu wotero angabise kompyuta?

Mawaya onse a muno munalumikiza ndinu, palibe wina amene akudziwa kumene amachokera ndi kumene amapita. Chonde ndiuzeni poyang'ana. Mulembe mofatsa, mukumbukire kuti ine sukulu ndinalekera ku pulayimale. Amalume sakudziwa kuti ndalemba.

Ndine mlongo wanu,
Kachete


14 Meyi

Kachete,

Kalata yako yandipeza ndili bwino. Ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditatchera khutu kuti mwina ndimva amalume akutsokomola kumbuyo kwako. Ngati akutuma, ukawauze kuti nyambo imeneyi nsomba inaidziwa kale. Anatilera bambo atamwalira, anandiphunzitsa sukulu, sindikana. Koma sanandigule ayi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Koma poti ndiwe, tamvera. Pamwamba pa chitseko cha ofesi pali kabokosi kotuwa kamene timati rauta. Ndi kamene kamalumikiza mbali ziwirizo: waya wina ndi wa mu ofesi, wina ndi uja anadutsa mu paipi pansi pa msewu. Ukwere pa mpando uone ngati timagetsi take tiwiri tikuphethira. Usagwe. Kenako ukawoloka uyang'ane m'mbali mwa INKI, ndinamatapo kapepala kolembedwa nambala. Uikopere osaphonya ndi kadontho komwe. Ukabwerera pa kompyuta yako, pamalo polemba paja pamwamba, ulembe timizere tiwiri topendekera kumbuyo, kenako nambalayo, n'kudina batani lalikulu. Undiuze chimene chituluke. Undiuzenso ngati pali kompyuta imene yazimitsidwa, kapena yatsopano imene yabwera.

Ya pa desiki langa sindikufunsa n'komwe. Amalume ndimawadziwa. Angakalipe bwanji, pa desiki limenelo salola ndi ntchentche yomwe kuterapo.

Tsono a Magalasi amenewa ndi ndani? Za amayi mzere umodzi, za iwo pafupifupi tsamba lonse, mpaka mtundu wa ulusi. Iwe amene mlendo akabwera unkabisala kuseri kwa chitseko, zonsezi waziona liti?

Upereke moni kwa amayi. Kuno kukuzizira, chipinda ndi chaching'ono, ntchito ndi yokoka mawaya m'madenga a eni. Koma ndikupuma mpweya wanga.

Mchimwene wako,
Mawaya


24 Meyi

Okondedwa achimwene,

Zikomo kwambiri poyankha. Kalata yanu ndinakaiwerengera m'chipinda chosungira mapepala. Sananditume munthu, ndikulumbira. Amayi alandira moni, akuti muzivala juzi.

Ndachita zonse mmene munanenera. Timagetsi tikuphethira tonse tiwiri. Nambala ndinaikopera n'kuifananiza mobwerezabwereza, a Magalasi atandigwirira tochi. Nditailemba n'kudina, achimwene, INKI inatseguka! Ndinaona mafayilo onse, ngakhale makhadi a ukwati amene ndinatayipa dzana lake. Ndinati basi, munthu wapulumuka, n'kuthamanga kukaitana amalume.

Ndikanadziwa.

Anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti ilipo."

"Eya amalume, ilipo."

"Ilipo, koma pa mndandanda sikufuna kuoneka. Tandiuza iwe Kachete. Munthu ali m'nyumba, wazimitsa nyali, watseka makatani, koma ukagogoda pa zenera lakumbuyo akutsegula. Munthu wotero timati ndi wotani?"

Ndisanatsegule pakamwa anafunsanso.

"Nanga zenera lakumbuyoli wakuonetsa ndani?"

Kunama sindimatha, mukudziwa. Ndinati ndinu. Anandiyang'ana ngati ndawaponda mwendo wopwetekawo. Anangoti, "Muno timalowera pakhomo. Njira za amisiri othawa sindizifuna." Aletsa, ndiye disiki ndikunyamulabe.

Masana anaitanitsa a Magalasi. Anabwera manja ali bii ndi inki, chipewa atachipanira kukhwapa.

"Bwana, ine makina a inki mundipatse mumdima, ndiwamasula n'kuwamanganso. Koma kompyuta ndimadziwa poyatsira ndi pozimitsira basi. Ndingaibise bwanji? Ndiifunditse bulangete?"

Wa pa kauntala anaseka mpaka kugwetsa cholembera. Amalume sanaseke.

"Nthabwalazo ukazinenera kwanu Juni akatha," anatero.

Ndiye mwaona, ndimafuna kukonza koma ndaonongeratu. Poyamba ankangokayikira, tsopano akuti umboni ndawapatsa ndine.

Funso lanu lina lija: yatsopano palibe. Makompyuta onse amene timagwiritsa ntchito akuyaka.

Mawu munalemba a desiki lanu ndawawerenga kangapo.

Za a Magalasi musandiseke. Munthu ukamawoloka msewu tsiku lonse umaona zinthu. Akandiona ndaima ndi disiki yanga malole asakundipatsa mpata, amatuluka n'kudzaima pakati pa msewu atakweza dzanja ngati wapolisi, madalaivala akuwatukwana. Basi. Palibe china.

Chonde ndiuzeni poyang'ananso. Ndikakhala pansi mtima ukundiuza kuti imirira, ndikaimirira sindikudziwa kopita.

Mlongo wanu,
Kachete


26 Meyi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako, ngati ukundikumbukirabe. Mlongo wako ndiye ukumulembera makalata, ine moni wa pansi pa tsamba ngati nyenyeswa. Uli bwanji? Ukudya? Chithunzi unalonjeza chija chikubwera wapansi kodi?

Kuno kwatentha. Malume ako akabwera kudzandiona, nkhani ndi kompyuta, kompyuta, ngati ndinaibereka ndine. Mlongo wako akuonda, koma bulauzi ikusitidwa m'mawa uliwonse, tsitsi likupesedwa kawiri. Zonsezi n'zowolokera msewu? Ine maso ndili nawo.

Ndalemba kuti ndikuuze chinthu chimodzi: uwalembere malume ako. Usadikire kuti ayambe iwo, mutu wawo ndi mwala, ndinakula nawo ine. Iwe ukuyesa mkwiyo unatha? Loweruka lija ankakonza denga kutsidya, iwo anaitana onyamula katundu n'kutulutsa desiki lako. Pano akudulirapo mapepala ku makina. Kompyuta yako anaizula okha, ndi mwendo wawo umenewo, n'kuitsekera m'kabati ya pansi pa masitepe pamodzi ndi makalendala akale, kiyi m'thumba. Ati m'mawa uliwonse akamawerenga maina aja ankakumana ndi MAWAYA, dzina limene anakupatsa iwo omwe uli kamwana utawang'ambira wailesi, ndiye tiyi ankawawa. Ati munthu amene anangosiya kapepala pa desiki n'kuchoka osatsanzika, dzina lake likufuna chiyani pakati pa anthu ogwira ntchito?

Kachete anandichonderera kuti ndisakuuze, ati zikupweteka. Ine ndati zikupweteke, mwina ungadzuke. Anthu amati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona. Koma nalonso fupa ukalisiya pabwalo, galu amathawa nalo.

Ukalemba usayambe ndi zoti unalondola. Uyambe ndi mwendo.

Ndine mayi ako


11 Juni

Achimwene,

Pepani ndalembanso musanayankhe. Ku positi ndikumapita tsiku lililonse, moti wa pa positi wafika pongondipukusira mutu pa zenera ndisanalowe n'komwe.

Amayi andiuza zimene anakulemberani. Ndinalira. Sindinakunamizeni, koma sindinanene zonse. Mutalemba kuti pa desiki lanu sipatera ntchentche, ndinayang'ana pakona paja pamene patsala zipsera za miyendo ya desiki pa simenti, dzanja linakana kulemba. Ngati mwakwiya, kwiyirani ine.

Koma musalange munthu amene simunamuonepo. A Magalasi ayamba kulongedza. Kapu yawo anapita nayo kale kunyumba. Dzulo amandiphunzitsa kusakaniza inki yobiriwira, ati, "Mudzamuonetse amene adzabwereyo, asadzaononge mapepala a abwana."

Ndinati, "Simukupita."

Iwo ati, "Aa, mwakhala bwana ndinu tsopano?" Anaseka, koma anavula magalasi n'kuwapukuta kwa nthawi yaitali, chonsecho analibe fumbi.

Akachotsedwa kuno akuti abwerera kwawo, ndipo kwawoko ndi kutali kuposa kumene muli inu.

Ndayesa zonse zimene ndikudziwa. Ndazimitsa n'kuyatsa, ndapukuta mapulagi, ndakwera pa mpando kuyang'ana timagetsi tija mpaka wa pa kauntala akuti ndikupembedza kabokosi. Mndandanda uli chomwecho.

Munandifunsa kuti a Magalasi ndi ndani, ndinati palibe china. Chilipo. Sindidziwa kalembedwe kake. Iwo sananene kanthu, inenso sindinanene kanthu. Ndikudziwanso kuti zikakonzeka, disiki sindidzanyamulanso, ndidzangokhala pa mpando wanga kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Zikhale choncho. Bola ndizidziwa kuti kutsidyako aliko.

Juni akutha, achimwene.

Kachete


17 Juni

Kachete,

Kalata ya amayi ndayenda nayo m'thumba mpaka yatha m'mbali. Yankho ndinalidziwa nditangofika pa mawu oti kabati. Koma ndinati ayi, asowe choncho, amalume aone mmene zimawawira kufufutidwa. Zaka zonse ndinagwada pa simenti imeneyo kukoka mawaya, lero andiika pamodzi ndi makalendala akale! Ndiponso ntchito ya kompyuta imeneyo sindinauzepo munthu. Ndinkati bola ikuyaka pakona paja, ndiye kuti malo anga akadalipo. Uchitsiru. Kalata yako iyi ndi imene yandigwetsa. Iwe sindinakukwiyire.

Kuyambira apa uwerenge mofatsa.

Makompyuta a mbali imodzi amadziwana pofuula. Iliyonse ikayaka imafuula dzina lake, inzake n'kumva. Koma rauta uja salola kufuula kuwoloka msewu. Amangodutsitsa uthenga umene uli ndi nambala ya kumene ukupita, n'chifukwa chake INKI inakutsegukira utaiitana ndi nambala. Tsono kuti maina awoloke, pamafunika kompyuta imodzi yosunga maina a onse. Mbali iliyonse imasonkhanitsa maina ake n'kukatula kwa imeneyo, iyo n'kugawira mbali zonse ziwiri. Ntchito imeneyi ndinaipatsa yanga, chifukwa ndi imene sinkazimitsidwa. Ataitsekera m'kabati, a mu ofesi anatsala akufuulirana okha, a ku makina nawonso okha. A Magalasi sanabise kanthu. Anabisa ndi amalume.

Yangayo ituluke m'kabatimo, muilumikize pa waya wabuluu wa pakona, muiyatse. Kenako muzimitse ena onse n'kuwayatsanso, a kutsidya omwe. Mukatero mudikire. Maina sabwera nthawi yomweyo, angatenge pafupifupi ola. Usayambe kulira pakati.

Ngati dzina langa likuwawitsa tiyi, kuseri kwa pepalali ndalemba mmene angalisinthire. Aitche MTENGO, aitche GALU, ntchito igwirabe. Koma isazime.

Amalume uwaonetse theka lam'munsi lokha. Lam'mwambalo ndi lako.

A Magalasi uwauze asiye zoima pakati pa msewu. Ndikufuna ndidzawaone ali ndi miyendo yonse.

Mawaya


28 Juni

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji? Kuno tili bwino. Ndikuuzani zonse mwandondomeko, mundipirire.

Kalata yanu ndinakhala nayo tsiku lathunthu m'thumba la bulauzi, ndikupita pa chitseko cha amalume n'kubwerera. Mawa lake ndinaipinda bwinobwino kuti pazioneka theka lam'munsi lokha, ndinaisita ndi chikhadabo, n'kuiika pambali pa tiyi wawo. Ndinaima pa chitseko. Anawerenga ndi chala mmene amachitira. Atafika kumapeto anaitembenuza, anaipindula yonse, n'kuwerenganso kuyambira pamwamba. Pepani achimwene.

"Wawerenga iwe zimenezi?"

"Eya amalume."

"Ati ndabisa ndine."

Anakankhira tiyi pambali. Kenako anapisa m'thumba, kiyi pa desiki kho. "Kaitane wa magalasi uja."

A Magalasi anaitulutsa kompyuta yanu m'kabati muja itadzaza fumbi, anaipukuta ndi malaya awo omwe, n'kuiika pansi pakona paja poti desiki palibe.

"Pansi?" anatero amalume. "Mukuyesa ndi nkhuku imeneyo?"

Anakankha mafayilo awo n'kupeza malo pa desiki lawo lomwe. Waya wabuluu unafika, ngakhale movutikira. Tinaiyatsa. Ine ndinathamanga kutsidya kukazimitsa ndi kuyatsa ena aja, wosoka nsapato akundikuwa kuti lero ndiye ndathyola chidendene.

Nditabwerera, pa mndandanda panali MAWAYA. Dzina lanu lokha ndi limene linawonjezeka. Ena aja ayi.

Munati ndisalire pakati. Sindinalire, koma ndinasesa mu ofesi mosesa kale. A Magalasi anaima pa chitseko ngati munthu woyembekezera chigamulo. Kasitomala wina anabwera kudzatenga malisiti ake, amalume ati, "Lero kulibe, bwerani mawa," chonsecho malisitiwo ali pa kauntala pomwepo. Ankatseka mndandanda n'kutsegula, kutseka n'kutsegula.

"Mmisiri wanuyu mwina waiwala ntchito kumadenga a eniko," anatero.

Wa pa kauntala ati, "Bwana, mwina makompyutawo akuchita manyazi, akhala nthawi osaonana."

"Khala chete iwe."

Kenako chala chawo chinaima. "INKI," anawerenga mokweza. Patapita kanthawi, "MPENI." ZITHUNZI inabwera pomaliza, mmene imachedwera nthawi zonse. Anawerenga onse kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako anamwa tiyi wozizira uja yense osapumira.

Ndimayesa awapepesa a Magalasi. Mukuwadziwa amalume. Anangoti, "Iwe, denga lija likudonthabe?"

"Ayi bwana."

"Chabwino. Mawa usachedwe. Ubwerenso ndi kapu yako, makapu a muno ndi owerengeka."

Ndinawaonetsa kuseri kwa kalata kumene munalemba zosintha dzina. Ati, "Ndilibe nthawi yosintha maina, ndili ndi ntchito." M'mawa uno ndawaona akuwerenga. Atafika pa MAWAYA chala chinaima, anapukuta pamenepo ndi mpango ngati pali kachitsotso, n'kupitirira.

Tsono dzulo ndinakhala pa mpando tsiku lonse. Ndikatayipa, ndikadina, ntchito yawoloka yokha. Disiki ili mu dirowa. Ndimayang'ana pa zenera, malole akudutsa, ine ndilibe chowolokera. Ndinasangalala, koma chakudya chamasana sichinalowe.

Tili pafupi kuweruka ndinaona a Magalasi akuwoloka. M'manja mulibe disiki, mulibe pepala. Malaya oyera, manja osamba mpaka inki yatsala m'zikhadabo mokha. Anandipitirira osandiyang'ana n'kugogoda kwa amalume. Ine ndinathawira m'chipinda cha mapepala, koma khoma lake mukulidziwa, ndi thabwa chabe. Ndinamva dzina langa. Ndinamva mawu oti banja. Zina sindinamve bwino.

Amalume anati, "Msewu umenewu wauwoloka wekha lero, wopanda wokutuma?"

"Ndekha bwana."

"Hm. Ine ndinazimitsa chinthu chimodzi osafunsa, mapeto ake wawaona. Mwanayu ali ndi mchimwene wake. Ukufuna yankho, funsa uyu." Ndinamva akugogoda pa kompyuta yanu.

A Magalasi ati, "Bwana, ndinakuuzani kuti ine kompyuta ndimadziwa poyatsira ndi pozimitsira basi."

Apa amalume anaseka. Chichokereni inu sindinawamvepo akuseka.

Lero andipatsa kapepala aka kuti ndiike mu envelopu. Sanakamate, ndiye ndawerenga, pepani. Ndikukoperani panonso kuopa kuti kangagwe:

"Mawaya. Chinthu chako chikulira ngati chigayo pa desiki langa. Fani yake yoziziritsa yatha. Kuno kulibe woidziwa. Mwendo sunasinthe. Malume ako."

Achimwene, fani ikulira ndithu, koma si kwambiri.

Amayi akuti iwo anavomera kale asanafunsidwe. Ndiye kwatsala inu. Sindikukukakamizani. Munthuyo simunamuone, ndipo mwina mukufuna mudzamuone kaye, zimenezo ine ndingakondwere nazo. Koma a Magalasi chiyambire dzulo akungovula magalasi n'kupukuta, ulusi uja watsala pang'ono kuduka. Inenso ndatayipa tsamba limodzi katatu.

Kaya ndi eya, kaya ndi dikirani, kaya faniyo muitumiza kapena mubwera nayo nokha, chonde yankhani kalatayi ikangofika m'manja mwanu. Iyi musayende nayo m'thumba. Wa pa positi ndamuuza kale kuti asandipukusirenso mutu.

Ndine mlongo wanu,
Kachete